Kumene Muvi Umayambira

Joubert Park, Joni
Loweruka masana

Wokondedwa mwana wanga Alinafe,

Iwe ndi amayi ako mwangotsika kumene kukagula bulangete ndi ketulo m'tauni, ndipo ndikudziwa kuti simubwera msanga, poti amayi ako akalowa m'shopu amayamba agwiragwira chilichonse asanafunse n'komwe chimene abwerera. Ndiye ndakhala patebulo lako lowerengera, pafupi ndi zenera, kuti ndikulembere. Pansipa matakisi akungolizana mahutala, ojambula zithunzi a m'paki akuitanira anthu, koma m'nyumba muno muli zii. Mawa m'mawa ukwera basi ya ku Kepitawuni kukayamba kemisitiri ku yunivesite. Ndikukunyadira, usakayike ngakhale pang'ono. Koma pali nkhani imene ndakhala ndikukubisira chibadwire chako, ndipo pakamwa yandikanika. Sabata ino ndayesa kawiri, ndipo kawiri konse ndinathera kukufunsa ngati walongedza majuzi okwanira.

Chandikakamiza ndi mawu ako a Lamulungu lapitali. Anthu a kumpingo atabwera kudzatsanzikana nawe, a Phiri a pafulati ya pansi anakufunsa chifukwa chimene wasankhira kemisitiri pomwe magiredi ako akanakulola kuchita za udokotala kapena za malamulo. Iwe unaimirira bwinobwino n'kunena kuti, "Ndikupita kukamaliza zimene anawalanda adadi anga." Anthu anaomba m'manja, azimayi n'kuimba nthungululu, a Phiri n'kudzandigwira chanza ndi manja onse awiri. Ine ndinangoseka nawo.

Alinafe, palibe munthu amene anandilanda kanthu. Kukoleji kumudzi kuja sanandichotse chifukwa cha ndale monga wakhala ukumvera. Sindinalembepo kalata yonyoza boma, sindinaimepo pamsonkhano uliwonse, ndipo wapolisi sanandifunsepo ngakhale dzina. Ndinalephera mayeso, basi. Ndinalephera organic chemistry chaka chachiwiri, anandipatsa mwayi wolembanso, ndinalepheranso, ndiye anandiwida monga tinkanenera ife a kukoleji, kutanthauza kuti anandizula. Ndikudziwa kuti mtima ukukuwawa powerenga izi. Kwiya, suli wolakwa, koma werenga kaye mpaka kumapeto, chifukwa chimene chinandigwetsa ine ndachionanso mwa iwe, ndipo amene anachiika mmenemo ndi ine ndemwe.

Ndiyambe ndi mawu akuti "Mwamva?" Ife tinakula ndi mawu amenewo. Kuyambira sitandade wani ku Mponela, aphunzitsi akamaliza kufotokoza ankafunsa kuti, "Mwamva ana inu?" ndipo kalasi yonse inkakuwa kuti, "Eee!" Kaya tamva kaya sitinamve, yankho linali lomwelo. Kunyumba n'chimodzimodzi. Munthu wamkulu akakuuza chinthu iwe n'kufunsa kachiwiri, zinkakhala ngati ukumuuza kuti satha kulankhula. Ndiye ndinaphunzira kugwedeza mutu, kenako n'kukaloweza ndekha. Ndipo kuloweza ndinkatha, mayi! Tsamba lonse ndinkalimeza ndi mafulusitopu ake omwe. Kusekondale ndinkakhala nambala wani, anthu pa Mponela ankanditcha Pulofesa, ine n'kumavomera dzinalo mosachita manyazi. Agogo ako aamuna, amene anali telala pakhonde la sitolo ina, anandisokera jekete la buluu lopitira kukoleji, n'kundiyesa katatu kuti mapewa akhale bwino. Chaka choyamba kuloweza kunandinyamula ndithu. Chaka chachiwiri ndi pamene kunabwera mivi. Ndikukuuza poyamba pomwe, ndipo ndibwerezanso: usadzanene kuti wamva usanamve.

Aphunzitsi athu a organic chemistry anali munthu wodekha, ndipo palibe chimene anandilakwira. Tsiku lina analemba pabolodi mawu awiri, nucleophile ndi electrophile, n'kuyamba kujambula timivi topindika tochoka apa kupita apo, kusonyeza mmene mankhwala awiri amalowererana kuti papangike china chatsopano. Atamaliza anatembenuka n'kufunsa ngati pali funso. Ine sindinatolepo kanthu, koma ndinagwedeza mutu kuposa aliyense, dala kuti andione. Amene anakweza dzanja anali mmodzi yekha, mtsikana wina wa ku Nsanje dzina lake Esitere. Anati, "Pepani aphunzitsi, ine sindinamve. Muviwo ukuyambira pamenepo chifukwa chiyani?" Anamufotokozera. Mawa lake anafunsanso, mkuja wake anafunsanso. Ife anyamata tinamupatsa dzina loti Sindinamve, ndipo katswiri womuyerekeza kodyera, mawu ake ndi kakwezedwe ka dzanja komwe, ndinali ine. Anthu ankaseka mpaka kugwetsa masupuni. Tsiku lina anandipeza pakhomo la laibulale n'kundiuza kuti, "Mbewe, kope lako ndaliona. Umajambula bwino, koma ndikukayika ngati ukuchidziwa chimene ukujambulacho. Bwera tichitire limodzi." Ndinamuyankha kuti zimenezo ndinazimaliza kalekale. Anangoti, "Chabwino, Pulofesa," n'kulowa. Iye anamaliza koleji bwinobwino. Patapita zaka, ndikugwira ntchito m'sitolo ya katundu wa pikulitsa ku Lilongwe, ndinamuona akulowa pakhomo, ndipo ndinakabisala kuseri kwa matumba a shuga mpaka anatuluka. Ukakapeza Esitere m'kalasi mwako usaseke nawo, ukakhale naye pafupi. Akakasowa, Esitereyo ukakhale iweyo.

Mumtima ndinali nditadzipangira nzeru yangayanga. Ndinali nditamva kuti electrophile ndi amene akusowa maelekitironi, ndipo nucleophile ndi amene ali nawo ochuluka. Ndiye ndinati, aaa, zophweka izi, wanjala ndi amene amanyamuka kukafuna chakudya. Choncho muvi uyenera kuyambira kwa wosowayo, pamene pali chizindikiro cha pulasi, n'kupita kwa amene ali nazo. Zinkandikomera ndithu. Sindinauzepo munthu kuti andikonze, ndipo cholakwacho sichinkaoneka, chifukwa timayeso ta mkati mwa temu tinkachokera m'makope, ine n'kumazijambula monga chithunzi, mivi n'kumakhala m'malo mwake. Pamayeso omaliza anabweretsa mankhwala amene sitinawaonepo m'kalasi, n'kuti sonyezani chimene chichitike. Panalibe chithunzi choti ndikumbukire. Ndinagwiritsa nzeru yanga ija, mivi yonse n'kuijambula chobwerera, funso loyamba mpaka lomaliza. Zotsatira zitatuluka, aphunzitsi anamata chidziwitso choti tonse olembanso tikawaone mmodzimmodzi. Ndinafika mpaka pachitseko cha ofesi yawo, ndinakweza dzanja kuti ndigogode, kenako ndinabwerera. Pulofesa akafunse chiyani? Ndinakaloweza kope lomwe lija kachiwiri, mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo mmene zinathera wamva kale.

Tsopano bodza. Ndinatsika basi pa Mponela ndi sutikesi yanga, anzanga atangoyamba temu. Agogo ako anali pamakina, tepi ili m'khosi. Atandiona anaimitsa phazi n'kufunsa kuti, "Kwagwanji?" Sindinakonzekere choyankha. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu: "Za ndale, bambo. Musafunse zambiri." Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mawu amenewo ankatseka pakamwa pa aliyense. Ndinkadziwa kuti palibe amene afunse kachiwiri, ndipo palibedi anafunsa. Chimene sindinaganizire n'chakuti nkhaniyo ifalikira. Pasanathe mwezi anthu anayamba kulambalala khonde lija. Aphunzitsi amene ankasoketsa mayunifolomu anapita kwa telala wina. Amene anali atasiya nsalu zawo ankadzazitenga zisanasokedwe, maso ali kumsewu. Mapeto ake mwini sitolo anawapempha mwaulemu kuti achotse makina pakhonde pake. Tinawanyamula pawilibala awiriwiri, ine ndi iwo, kukawaika kuseri kwa nyumba kumene sikudutsa munthu. Panjira sanandikalipire. Anati, "Usadandaule, Lakisoni. Bola sunalephere. Mwana wanga kulephera ayi." Ha! Pamenepo ndi pamene ndinayenera kulankhula. Ndinangokankha wilibala. Anamwalira iwe uli ndi miyezi isanu, akukhulupirirabe kuti mwana wawo anali wolimba mtima, ndipo mpaka lero ndikamva kulira kwa makina osokera mtima umandipweteka. Ukadzalephera kanthu, Alinafe, kaya ndi mayeso kaya n'chiyani, udzanene tsiku lomwelo kuti ndalephera. Usadzadikire kuti upeze kaye chonenera chabwino.

Zobwera ku Joni kuno mumadziwa kuti ndinkafuna ntchito. N'zoona, koma pang'ono chabe. Matipate atabwera kumudzi anthu anayamba kulankhula momasuka, ndipo azakhali ako ndi amalume anga anandipanikiza kuti, "Pita ukadandaule akubwezere malo ako kukoleji, anzako akupita." Ena mpaka anadzipereka kundiperekeza. Ndikanapita bwanji, poti akanangotsegula fayilo n'kuona magiredi? Ndinazengereza miyezi ingapo ndikunamizira izi ndi izo, kenako ndinakwera basi ya ku Joni, n'kukusiyani iwe ndi amayi ako zaka ziwiri zathunthu. Unayamba sitandade wani ine kulibe. Ndinkagona mumkhukhu wa malata ku Diepsloot, ndikusakaniza simenti pamaganyu a zomangamanga, ndipo anzanga akamauzana kuti a Mbewe awa ndi ophunzira koma anawazunza kwawo, ndinkangoti eish, n'kuwerama.

Ntchito ya kulabu ndinaipeza kudzera mwa mnzanga wa kumpingo, kufakitale ya mankhwala kum'mawa kwa Joni kumene ndikugwirabe mpaka lero. Ntchito yake ukuidziwa, kutsuka mabotolo a galasi, mafulasiki ndi timachubu. Pondilemba anandifunsa ngati ndikudziwako za mankhwala, ine n'kuti zaka ziwiri za ku yunivesite, mapewa ali m'mwamba. Anandipatsa lamulo limodzi lalikulu: fulasiki iliyonse yomatidwa tepi yofiira usaikhudzitse madzi, isiye m'kabati yokoka utsi mpaka akemisiti aithetse mphamvu okha. Anandifunsa ngati ndamva chifukwa chake. Chimene ndinayankha ukuchidziwa kale. Sabata yachitatu ndinapeza fulasiki ya tepi yofiira, pansi pake pali timadzi pang'ono tooneka ngati madzi wamba. Ndinawerenga kapepala kake, acetyl chloride, dzina limene ndinalilowezapo kukoleji. Ndinati timadontho timeneti n'todikira nato munthu mpaka mawa? Ndinapita nayo kusinki n'kutsegula mpopi. Mayo ine! Inalira ngati mafuta otentha ukaponyamo nyama yonyowa, galasi linatentha m'manja, utsi woyera unandilowa m'mphuno ndi m'maso. Ndinaiponya, n'kugwada pansi ndikutsokomola. Chipsera cha pamkono wamanzere chija, chimene ndinakuuza kuti ndi cha ayironi, chinachokera pamenepo. Kulabu, mwana wanga, akakuuza lamulo, funsa chifukwa chake, ndipo magalasi oteteza maso usawavule ngakhale anzako atawavula.

Amene anandikokera panja n'kunditsuka m'maso anali mayi Mwanza, kemisiti wa ku Zambia uja, wa kwawo ku Chipata. Kwa abwana anakanena, poti ndi lamulo, koma anandichonderera kuti ndisachotsedwe. Mawa lake pa lanchi anadzakhala pafupi nane pabenchi ya panja n'kuti, "Manje imwe a Mbewe, munati munachita kemisitiri. Niuzeni, madzi anachita chani mu fulasiki muja?" Ndinayamba kulakatula zimene ndinaloweza. Anandidula. "Iyayi, osaimba nyimbo. Jambulani." Anandipatsa bolopeni ndi pepala limene anakulungira buledi. Ndinajambula muvi wanga wakale uja, wochoka pa kaboni kupita kumadzi. Anayang'ana pepala, kenako anandiyang'ana ine. Pamenepo, ndili bambo wa zaka zopitirira makumi atatu, bandeji ili pamkono, ndinanena koyamba m'moyo wanga kuti, "Mayi, sindinamve. Sindinamvepo chiyambire."

Sanaseke. Anandilozera kumsewu kumene kunaima takisi, mayi wina wogulitsa nthochi akuthamangira pawindo ndi beseni lake. "Onani uko. Wanjala ali mu takisi, wakhala phee. Amene akuyenda ni ndani?" Ndinati wa nthochi. "Basi. Muvi suonetsa amene afuna. Uonetsa kumene katundu achoka na kumene ayenda. Katundu wake ni maelekitironi. Manje muvi ungayambire bwanji pa munthu amene alibe kanthu m'manja?" Alinafe, sizinatenge ngakhale nthawi yodyera mandasi awiri. Chinthu chimene chinachotsa makina a agogo ako pakhonde chinakwana pa pepala la buledi. Ndinakalowa m'toileti n'kulira, ndipo sikunali kulira kwa mkono. Kuyambira tsiku limenelo mayi Mwanza akhala akundiphunzitsa pang'onopang'ono pa lanchi. Anandiuzapo kangapo kuti ndilembetse sukulu ya madzulo, koma kumeneko amafuna mapepala a kukoleji yakale, ndiye ndinkati mawa, mawa, mpaka imvi zabwera.

Ndiye tamvera, ndikuuze m'Chichewa chathu, modekha, monga ndinayenera kukuuzira kale. Maatomu awiri akagwirana, chimene chawagwirizitsa ndi maelekitironi awiri amene akugawana, ndiyo bondi. Koma sagawana mofanana nthawi zonse. Okosijeni ndi klorini ndi adyera, amakokera maelekitironi kwawo, ndiye kaboni amene wagwirana nawo amatsala woperewera, ali ndi kapulasi pang'ono. Kaboni wotereyo ndiye electrophile. Nucleophile ndi amene ali ndi maelekitironi awiri apadera oti angathe kupereka, monga okosijeni wa m'madzi kapena naitirojeni wa mu amoniya. M'fulasiki yanga muja munali kaboni wokokedwa mbali ziwiri, uku okosijeni uku klorini, ndiye anali wosowa zedi. Madzi atangofika, okosijeni wa m'madzimo anapereka maelekitironi ake awiri kwa kaboniyo. Tsono kaboni sagwira mabondi oposa anayi, choncho wina akalowa wina ayenera kuchoka. Amene anachoka ndi klorini, ndipo pamodzi ndi haidirojeni wa m'madzi anasanduka utsi wa asidi umene unandilowa m'maso. Ukaona funso usathamangire kukumbukira tsamba. Dzifunse kaye kuti maelekitironi ali kwa ndani, nanga akuperewera ndi ndani. Mchira wa muvi uike pa maelekitironi, nsonga iloze kumene akupita. Ukamaliza, werenga mabondi a kaboni aliyense uone ngati sanapitirire anayi. Zotsalazo akakuphunzitsa amene anakhoza, ine nzeru zanga zathera pamenepa.

Cholakwa chomaliza ndi chimene chikundiwawa kuposa zonse, chifukwa ndinalakwira iwe. Uli wamng'ono unali wamafunso osatha. Chifukwa chiyani sopo amachita thovu, chifukwa chiyani lifiti ya pafulati pano imafa Lolemba lililonse, chifukwa chiyani anthu a kuno amati "yebo" pamene ife timati "eya." Tsiku lina, uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, kunabwera alendo, ndipo wina atatchula za koleji iwe unafunsa kuti, "Adadi, ndale zakezo munachita chiyani kwenikweni?" Ndinakukalipira pamaso pa anthu kuti mwana wamwambo safunsafunsa akuluakulu. Unalowa kuchipinda osadya. Sunachite mwano uliwonse, ine ndi amene ndinachita mantha. Kuyambira pamenepo mafunso ako anayamba kuchepa, ine n'kumauza anthu kuti mwana wanga wakula, wafatsa. Ndiye mwezi wathawu, mayi Mwanza atakupatsa buku lawo lakale kuti uziyambiratu kuwerenga, unabwera nalo patebulo lino n'kundifunsa za mivi yomweyo. Mtima wanga unadumpha ndi chisangalalo. Koma m'malo mokhala nawe pansi, ndinaimirira n'kuyamba Chingerezi chothamanga, mawu akuluakulu okhaokha, kuti uone kuti bambo ako ndi Pulofesa ndithu. Nditamaliza ndinafunsa kuti, "Wamva?" Unagwedeza mutu n'kuti, "Eya adadi, sharp." Maso ako anali patsamba, chala chili pomwe chinali poyamba. Ndinadziwa kuti sunamve, poti kagwedezedwe kameneko ndi kanga. Ndipo ndinakusiya utseke buku, chifukwa zinandikomera kuti wandiona ngati wanzeru. Pepa, mwana wanga. Pepa kwambiri.

Kumene ukupitako kukakhala ana ochokera m'sukulu za malabu okongola, olankhula Chingerezi cha m'mphuno, ndipo ena akamva dzina lako akakufunsa kuti kwanu n'kuti, mlomo atakhotetsa. Ukafuna kuoneka wodziwa, n'chibadwa. Ine ndikukupempha, ukakhale kutsogolo, ukakweze dzanja, ndipo akakufotokozera koma iwe osamva, ukakwezenso. Akakupatsa dzina lachipongwe, ukalivomere. Ukafika pachitseko cha ofesi ya aphunzitsi, gogoda usanayambe kuganiza. Chimene wadzipangira wekha m'mutu, ngakhale chikukomere bwanji, kachiuze munthu wina mokweza kuti akukonze. Ndipo pafoni usamatiuze kuti zonse zili bwino pomwe sizili bwino. Amayi ako amamva pa mawu kuti mwana sali bwino, koma ine ndimanamizika msanga poti ndimafuna kunamizidwa. Usanene kuti wamva usanamve, Alinafe, ngakhale wofunsayo ndi ine.

Amayi ako ndinawauza Lachinayi, akusita zovala zako. Anaimika ayironi, kenako anati, "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana anthu osalakwa mumtima mwangamu, a Mbewe?" Ndinati eya. Anati, "Nanga bambo anu aja?" Ndinati sanadziwe. Anapukusa mutu n'kutenganso ayironi. "Mwanayo mumuuze nokha. Ine pamenepo sindikuthandizani." Kuyambira tsiku limenelo akundiyankha mawu amodziamodzi, ndipo sindikuwaimba mlandu. Azakhali ako kumudzi ndiwalembera sabata yamawa. A Phiri ndi anthu a kumpingo ndiwauza ndekha pakamwa, usavutike nazo iwe.

Tsono yatsala ndi iyi. Ngati kemisitiri unaisankha chifukwa umaikonda, pita, ukaiphunzire bwino kuposa mmene ine ndikanathera. Koma ngati unaisankha kuti ukamalize zimene anawalanda bambo ako, dziwa lero kuti kulibe choti ukamalize. Usapereke zaka za utsikana wako chifukwa cha bodza langa, lawononga zambiri kale. Ndinaimba foni ku yunivesiteko n'kufunsa, ndipo akuti masabata oyambirira amalola munthu kusintha maphunziro. Ukasintha sindidzakhumudwa, ndipo ukapitiriza, upitirize chifukwa cha iwe mwini.

Maganizo anga anali oti kalatayi ndiiike pansi penipeni pa sutikesi yako, kuti ukaipeze uli kutali, ine ndili kuno osaona nkhope yako. Ndaona kuti kumeneko n'kuthawanso. Ndikupatsa m'manja ukangolowa, usanavule nsapato. Ukawerengere kuchipinda kwako, usafulumire. Ine sindituluka, sindiyatsa wailesi, sindinamizira kudwala mutu. Ndikhala pampando wa kukhitchini mpaka utatuluka, ndipo chilichonse chimene ufunse ndiyankha zoona, ngakhale ufunse kangati.

Ndikumva mawu a amayi ako pamasitepe. Ndikupinda pepalali tsopano.

Ndine bambo ako okukonda,
Lakisoni Mbewe